Mmene mungatetezere mphaka wanu ngati pakhomo pali wosuta vape

M'nyengo yozizira yapitayi, mphwanga amene ndimakhala naye ku Area 49 mu Lilongwe anasiya ndudu n'kuyamba vape, kachipangizo kosutira koyendera batire, ndipo tonse pakhomo tinakondwa chifukwa fungo la fodya linatha m'makatani ndi m'zovala. Madzulo aliwonse ankakhala pasofa, mawindo ali chitsekere chifukwa cha chisanu cha mu Juni, n'kumatulutsa chiutsi choyera chonunkhira ngati mango, mphaka wathu atadzipinda pamiyendo pake. Patapita masabata angapo mphakayo anayamba kuchita chinthu chimene tinali tisanachionepo. Ankanyonyomala pansi, n'kusolola khosi kutsogolo, n'kumatsokomola mouma ngati watsamwidwa ndi fupa la nsomba, koma osalavula kanthu. Titapita naye kwa dokotala wa ziweto, funso loyamba linali lakuti kodi m'nyumbamo muli wosuta. Tinayankha mwamphamvu kuti ayi, pali vape chabe, ndipo dokotalayo anatiuza kuti kwa mphaka mawu akuti "chabe" amenewo alibe ntchito. Malangizo otsatirawa ndi a anthu amene ali ndi mphaka komanso wosuta vape pansi pa denga limodzi.

Musanachite chilichonse, dziwani kaye chimene chili m'kachipangizoko, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti chimene chimatuluka ndi nthunzi ya madzi ngati ya m'ketulo. Vape ya masiku ano, imene anaiyambitsa katswiri wa mankhwala wa ku China dzina lake Hon Lik mu 2003, ili ndi batire, kawaya kotenthetsa ndi madzi apadera amene ambiri amangowatcha juwisi. M'madzi amenewa muli zinthu zinayi zikuluzikulu, zomwe ndi propylene glycol, glycerin, zonunkhiritsa, ndi nikotini, amene makolo athu ankamudziwa ndi dzina lakuti chikonga. Kawaya kaja kakatentha, madziwo amasanduka timadontho ting'onoting'ono toyandama mumpweya, ndipo timadonthoto sitithera m'malere monga mmene maso amationetsera. Timatera pasofa, pamphasa, pansi, pambale ya mphaka, ndi paubweya wake. Kawayako kakatenthetsa kwambiri madzi atatsala pang'ono kutha, pamatulukanso mankhwala oyabwa pakhosi monga formaldehyde, ndipo wosuta amazindikira zimenezi ndi kakomedwe kopserera mkamwa.

Chimene chimasiyanitsa mphaka ndi munthu pankhaniyi ndi khalidwe lake la ukhondo. Mphaka amatha gawo lalikulu la nthawi imene ali maso akudzinyambita, ena mpaka kuyandikira theka, motero chilichonse chimene chatera paubweya chimathera m'mimba. Munthu wokhala pafupi ndi wosuta amangopuma utsiwo, pamene mphaka amaupuma kenako n'kuumeza. Mu 2002 akatswiri a payunivesite ya Tufts ndi ya Massachusetts ku America anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti amphaka okhala m'nyumba za osuta ndudu ankadwala khansa yotchedwa lymphoma kuposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amphaka a m'nyumba zopanda utsi. Kafukufukuyo anali wa ndudu wamba, koma njira imene zotsalira za utsi zimalowera m'thupi la mphaka, ya paubweya kupita palilime, ndi yomweyo. Kuwonjezera apo, chiwindi cha mphaka chimachedwa kuphwanya mankhwala ena amene thupi la munthu ngakhale la galu limathana nawo mosavuta, ndipo propylene glycol amawononga maselo ofiira a magazi a mphaka, moti boma la America kudzera m'bungwe la FDA linaletsa kumuika m'zakudya za amphaka mu 1996. Vuto limenelo linaoneka pa amphaka amene ankamudya tsiku ndi tsiku m'chakudya, choncho nthunzi ya madzulo amodzi siingafanane nazo, koma palibe chifukwa chomuunjikira mphaka chinthu chimene ena anachichotsa kale m'mbale yake.

Chinthu choyamba kuchita ndi kutulutsa vape m'nyumba. Wosutayo azisutira panja, patali pang'ono ndi chitseko ndi mawindo, ndipo chitsekocho chikhale chotseka kuti utsi usabwerere. Kusutira kuchipinda china kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa nyumba zambiri za ku Kawale, Chinsapo kapena Area 25 zilibe siling'i, makoma apakati safika kudenga, ndipo mpweya wa chipinda chimodzi ndi wa nyumba yonse. Ngakhale m'nyumba ya siling'i, mphaka amalowa kuchipindako mawa lake n'kukagona pabedi pomwe zonse zinatera. Kuyatsa fani m'kutentha kwa Okutobala kumangomwaza timadontho tija m'nyumba monse, ndipo kupopera mankhwala onunkhiritsa m'chipinda ndi kuwonjezera vuto lina pamwamba pa loyamba. Nthawi yovuta kwambiri kusunga lamuloli ndi Juni ndi Julayi, pamene palibe amene amafuna kuima pakhonde usiku, komanso ndi nthawi yomwe mawindo amakhala otseka ndipo mphaka amafuna kufunda pamiyendo ya munthu. Kwathu tinachita kuika mpando ndi bulangete lakale pakhonde kuti mphwanga asamakhale ndi chowiringula. Ngati mphaka ali ndi chizolowezi chotsatira mbuye wake pakhondepo, mutsekereni m'nyumba mpaka wosutayo atamaliza, ndipo wosutayo asambe m'manja ndi sopo asanamugwire. Kumuuzira mphaka utsi kumaso pofuna kuseketsa anzanu kapena kujambula kanema wa pa TikTok ndi nkhanza, ngakhale mphakayo ataoneka ngati akusewera ndi utsiwo.

Chachiwiri, chimene ndikufuna kuti mukhalepo nthawi yaitali, ndi kasungidwe ka madzi a vape, chifukwa utsi umadwalitsa pang'onopang'ono koma madziwo angathe kupha tsiku lomwelo. Tengani botolo kapena bokosi la vape imene ili pakhomo panu muwerenge mphamvu ya nikotini. Ku Britain ndi mayiko a European Union lamulo sililola kupitirira mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, koma ma vape ambiri otaya akatha amalembedwa 5%, kutanthauza mamiligalamu 50 pa mililita imodzi. Madokotala a ziweto amanena kuti zizindikiro za poizoni zimayamba kuoneka nyama ikameza nikotini wokwana pafupifupi miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, ndipo mulingo umene amauona kuti ungaphe, womwe unapezeka pa agalu, ndi pafupifupi mamiligalamu 9 pa kilogalamu. Amphaka ambiri a m'makomo mwathu amalemera makilogalamu atatu kapena anayi. Mukawerengera bwino muona kuti kwa mphaka wa makilogalamu atatu, dontho limodzi kapena awiri a madzi a 5% ndi okwanira kumudwalitsa, ndipo madzi osakwana mililita imodzi, omwe sangadzaze ngakhale kota ya kasupuni ka tiyi, angamuphe. Kwa kamwana ka mphaka kosakwana kilogalamu, mulingowo umatsika kwambiri.

Mphaka si wadyera ngati galu, ndipo kawirikawiri satafuna botolo. Ngozi yake imabwera m'njira ina: amakankha zinthu patebulo ndi dzanja lake mpaka zigwe, amaponda pamene patayikira, kapena amagona pa thalauza imene m'thumba mwake vape yadontha, kenako amadzinyambita kuti achotse chonata chimene chamumata. Nikotini amalowanso kudzera pakhungu. Zimenezi si zachilendo kwa aliyense amene anakulira kumidzi ya alimi a fodya ku Kasiya kapena ku Mitundu, kumene wothyola fodya wa bale m'mawa mame asanaume amatha kumva chizungulire ndi nseru ngakhale sanasutepo chibadwire. Ngati masamba onyowa amachita zimenezo kwa munthu wamkulu, ganizirani madzi okhathamira nikotini paphazi la kanyama kakang'ono. Pa chifukwa chomwecho, chizolowezi cha ena chosambitsa ziweto madzi onyikamo fodya pofuna kupha utitiri ndi nthata musachiyese pa mphaka.

Choncho sankhani malo amodzi otsekeka, monga kabati ya loko kapena kabokosi kachitsulo kokhala ndi chivundikiro cholimba, ndipo vape, mabotolo ndi timapodi (timakontena ta madzi timene timalowetsedwa mu vape) tonse tizikhala mmenemo nthawi iliyonse imene sitili m'manja. Pamwamba pa wadiropu kapena pa firiji si pobisika, popeza mphaka amakwera kuposa mwana. Wothira madzi mu vape azithirira pasinki kapena pambale yakale imene sadyerapo munthu, chitseko chili chotseka, ndipo akamaliza atsuke malowo. Madzi akatayikira, yambani mwatulutsa mphaka, kenako pukutani ndi pepala mutavala jumbo m'manja, tsukani ndi sopo kawiri, ndipo musamulole kubwerera pansi pasanaume. Chikolopa chimene mwagwiritsa ntchito muchichape bwino musanakolopere chipinda china. Samalaninso potchaja: magetsi akazima ambiri timasiya zinthu zili zolumikiza kuti akabwera usiku zitchajike, koma batire ya vape ndi ya lithium, imene ingayake ikatenthedwa kapena kubooledwa, ndipo chingwe cholendewera ndi choseweretsa chimene mphaka sangachisiye.

Chachitatu ndi kuyeretsa zimene zatsalira kale ngati vape yakhala ikusutidwa m'nyumba. Chapani mabulangete, makatani, nsalu za pasofa ndi chogonera cha mphaka, pukutani matebulo ndi mawindo ndi madzi a sopo, ndipo tsegulani nyumba ipite mphepo masana. Mbale yake ya chakudya ndi ya madzi zitsukidwe n'kuikidwa kutali ndi pamene anthu amacheza. Mphakayo mungamupukute ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, kutsatira kumene ubweya wagonera, popanda kumuthira mafuta onunkhira.

Chachinayi ndi kuphunzira kuona zizindikiro, ndipo zili m'magulu awiri amene sayenera kusokonezedwa. Gulu loyamba ndi la m'chifuwa, limene limabwera mwakachetechete. Amphaka amadwala mphumu monga anthu, ndipo utsi wamtundu uliwonse umaidzutsa. Kutsokomola konyonyomala kuja, kulira kwa m'chifuwa ngati kaluzu popuma, kuyetsemula pafupipafupi, maso ochucha misozi, ndi kutopa msanga posewera, zonsezi zikhale zokuchenjezani. Pali njira yosavuta yopimira nokha kunyumba: mphaka akagona tulo, yang'anani nthiti zake, werengani kuti zakwera kangati m'masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Mphaka wabwinobwino wogona sapuma kupitirira ka 30 pa mphindi imodzi. Mukapeza kuti masiku angapo otsatizana akupitirira pamenepo, kaonaneni ndi dokotala wa ziweto sabata yomweyo. Koma mphaka akamapuma atatsegula pakamwa, lilime ndi nkhama zikuoneka zotuwa kapena zobiriwira, musadikire kuti kuche, chifukwa mphaka sapuma wefuwefu ngati galu pokhapokha zinthu zitavuta. Kumbukiraninso kuti mumzinda uno mapapo ake akulimbana kale ndi fumbi la m'chilimwe, utsi wa mbaula, wa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa mpanda ndi wa koyilo yothamangitsira udzudzu, ndiye vape imabwera ngati katundu woonjezera pamutu wolemedwa kale.

Gulu lachiwiri ndi la poizoni wa nikotini, limene limabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri pakati pa mphindi 15 ndi ola limodzi mphaka atameza madziwo. Amayamba kuchucha dovu ndi kusanza, nthawi zina ndi kutsegula m'mimba, amasowa mtendere, mboni za m'maso zimasintha kukula, mtima umathamanga, ndipo minofu imanjenjemera. Ngati wameza wambiri, amayenda modzandira, amaphupha ngati wakhunyu, kenako amafooka n'kuyamba kupuma movutikira mpaka minofu yopumira itasiya kugwira ntchito. Mununkhizeni pakamwa ndi m'mapazi, chifukwa fungo la zipatso kapena la timbewu limene lili mu vape limaulula msanga chimene chachitika.

Chachisanu ndi chochita ngozi ikagwa, ndipo apa dongosolo lake n'lofunika. Mufunditseni mphakayo thaulo kapena chitenje musanamunyamule, popeza mphaka wovutika amaluma ndi kukanda ngakhale mbuye wake. Ngati madziwo ali paubweya kapena m'mapazi ndipo mphakayo akupuma bwino, tsukani malowo mwachangu ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, inu mutavala magolovesi kapena jumbo, n'kumupukuta kuti asazizidwe. Ngati akuphupha kapena akubanika, zosambitsazo zisiyeni, muikeni m'katoni yoboola timabowo ndi kunyamuka. Imbirani dokotala muli m'njira kuti akonzekere, ndipo tengani vape kapena botolo lija kuti aone mphamvu yake ndi kuyerekeza kuchuluka kwa madzi amene asowa. Ngati mu vape munali mafuta a chamba, nenani zoona, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana ndipo dokotalayo akufuna kupulumutsa mphaka basi.

Zimene simuyenera kuchita n'zimene zimabwera msanga m'maganizo mwa ambiri a ife. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena dzira laliwisi, chifukwa sizichotsa poizoni ndipo mphaka wonjenjemera angatsamwe nazo n'kulowa m'mapapo. Musamusanzitse ndi mchere kapena pomulowetsa chala kukhosi. Musamupatse soda wophikira therere, chidulo kapena mankhwala a kutentha pamtima, chifukwa asidi wa m'mimba ndi amene amachedwetsa nikotini kulowa m'magazi, ndipo zinthu zimenezi zikachepetsa asidiyo poizoni amalowa mofulumira. Makala a pambaula osinja si ofanana ndi makala apadera amene amagwiritsa ntchito kuchipatala. Koposa zonse musamupatse Panado kapena mankhwala ena aliwonse a paracetamol, chifukwa ngakhale kachidutswa ka piritsi limodzi kangaphe mphaka amene akanachira. Palibe mankhwala apakhomo othetsa nikotini. Kuchipatala amamuika diripi, amaletsa kuphupha ndi kusanza, amayang'anira mtima ndi kapumidwe mpaka thupi litachotsa poizoniyo lokha, ndipo maola anayi oyambirira ndi amene ali ofunika kwambiri.

Pali chenjezo limodzi limene kuno sitingalidumphe. Kuchucha dovu ndi kusintha khalidwe mwadzidzidzi ndi zizindikironso za chiwewe, chimene chilipo m'dziko muno ndipo chimagwira amphaka. Ngati simukuona umboni wa vape yotayikira, ndipo mphakayo sanabayidwe katemera, musamugwire ndi manja. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Zonsezi zimayenda bwino ngati mwakonzekera ngozi isanagwe. Muno mu Lilongwe bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene ambiri amalidziwa kuti LSPCA, lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo palinso madokotala a ziweto oima paokha. Sankhani amene ali pafupi nanu, funsani ngati amalandira odwala usiku ndi Lamlungu, ndipo nambala yawo muisunge m'foni komanso muilembe papepala n'kumata pakhoma kuti wantchito wa pakhomo ndi ana aidziwe. Sunganinso nambala ya woyendetsa takisi kapena njinga yamoto amene mumamudalira, chifukwa kudikira kuti minibasi idzaze pa siteji mphaka akuphupha m'katoni ndi kutaya mphindi zimene mulibe. Ndikudziwa kuti anthu ena adzakusekani kuti mukuthamangira kuchipatala ndi mphaka, nyama imene ena amaiona ngati msampha wa makoswe chabe ndipo ena amainenera zoipa, koma amene amasekawo sadzakhalapo pamene mwana wanu azidzafunsa kumene mphaka wake wapita.

Alendo nawonso auzidwe. Achinyamata ambiri amaona kuti vape si fodya, ndipo amaitulutsa pabalaza la eni ake osapempha, zimene sangachite ndi ndudu. Kunena mwaulemu kuti "Pepani achimwene, m'nyumba muno sitisutiramo, mpando uli pakhondepo" sikunyoza mlendo. Chikwama kapena jekete imene muli vape ikolekedwe pamsomali kapena iikidwe m'chipinda chotseka, osati pansi pamene mphaka angalowetsemo mutu.

Chomaliza ndi katayidwe. Vape imene yasiya kutulutsa utsi siinathe nikotini, chifukwa kasiponji ka m'kati kamakhala kadakali konyowa, ndipo botolo looneka lopanda kanthu limakhala ndi madontho angapo pansi. Mukaziponya m'dzala kuseri kwa nyumba, mphaka wanu, wa anansi, agalu ndi ana adzazipeza, ndipo tsiku lotentha zinyalala batire ija ingaphulike. Madzi otsala musawathire pansi kapena m'ngalande, koma muwathire muutuchi kapena mumchenga, n'kumanga m'jumbo ziwiri. Ma vape akutha muziwasonkhanitsa m'chitini chokhala ndi chivundikiro, chosungidwa pamthunzi kutali ndi moto, ndipo funsani kumene munagula ngati amalandira zakutha, kapena muzipereke kwa otolera zinyalala mutawauza kuti muli mabatire. Kwathu chitini chimenechi ndi cha mkaka waufa, chili pamwamba m'kabati ya loko, ndipo kiyi amasunga ndi mphwanga yemwe uja, amenenso tsopano ndi iye amawerenga kapumidwe ka mphaka Loweruka lililonse m'mawa n'kulemba pakalendala.